Ntchito ya pakauntala: zomwe mwini sitolo amayang'ana pa intavyu

Msewu wochoka ku Mangochi kupita ku Monkey Bay uli ndi malonda mbali zonse. Kuyambira pa Maldeco, kudutsa pa Makawa ndi pa Nkope, pali magolosale, maokala, mahadiweya, malo ogulitsira mayunitsi ndi kutumizira ndalama, mashopu a zipangizo za usodzi, komanso timashopu ta m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Malo onsewa nthawi ina amafuna munthu woima pakauntala. Kawirikawiri ntchitoyi siilengezedwa m'nyuzipepala. Imamveka pakamwa: wakuti akufuna mnyamata, wakuti mtsikana wake wapita ku banja, wakuti watsegula shopu yachiwiri.

Chifukwa ntchitoyo yamveka pakamwa, achinyamata ambiri amaganiza kuti palibe intavyu. Amangopita ngati akukacheza, nkubwerako ali odabwa kuti atenga wina. Chonsecho mphindi khumi zomwe mwini sitolo adacheza nawo ataima pakhomo, uku akugulitsa, ndiyo idali intavyuyo.

Mwini sitolo safunsa mafunso ambiri, koma mumtima amakhala ndi funso limodzi lalikulu: kodi munthu uyu angasiyiridwe mpamba? Katundu ali m'mashelefumo ndi thukuta la zaka. Wina adayamba ndi kuyanika usipa pathandala, wina adakavutika ku Joni, wina adakongola ku banki mkhonde ndipo akubwezabe. Tsiku lomwe iye wapita kukapikula katundu ku boma kapena ku Limbe, zonsezo zimatsala m'manja mwa wantchito. Choncho mafunso ena onse, ngakhale looneka lachibwana, amakhala akuzungulira pamenepo. Wofuna ntchito akamvetsa zimenezi, mayankho ake amayamba kulunjika.

Choyamba ndi masamu, ndipo apa mpomwe ambiri amagwera. Sikuti sadziwa kuwerengera, koma amachita mantha akafunsidwa mwadzidzidzi. Mwini sitolo atha kunena kuti, mwachitsanzo, kasitomala watenga sopo awiri wa K850 mmodzi, mafuta ophikira a K1,200 ndi mchere wa K450, ndipo wapereka K5,000. Chenji chake ndi zingati? Sopo awiri ndi K1,700, kuphatikiza mafuta ndi K2,900, kuphatikiza mchere ndi K3,350. Wozolowera malonda sachotsera kuchoka pa K5,000 ngati ali m'kalasi. Amawerenga chokwera kuchokera pa mtengo: K50 kuti ikwane K3,400, K100 kuti ikwane K3,500, K500 kuti ikwane K4,000, K1,000 kuti ikwane K5,000. Chenji ndi K1,650. Njira imeneyi ili ndi ubwino wina: ndalama ikamaikidwa m'manja mwa kasitomala uku ikuwerengedwa mokweza, mkangano wa chenji sukhalapo.

Kutulutsa foni kuti awerengere pa masamu aang'ono ngati amenewa kumagwetsa munthu. Koma masamu akakula, monga a matumba a simenti ndi malata pa hadiweya, kupempha kakyuleta kapena pepala si manyazi. Mwini katundu amakonda munthu wochedwa pang'ono koma wolondola kusiyana ndi wothamanga wophonya.

Pali masamu ena amene wofuna ntchito sayembekezera kufunsidwa, koma akawadziwa amaposa anzake onse. Awa ndi masamu a phindu. Mwachitsanzo, katoni ya sopo 24 yapikulidwa pa K16,800, ndiye kuti sopo mmodzi wagulidwa K700. Kuinyamula kuchoka ku boma kufika pa Nkope kwadya K1,200, yomwe ndi K50 pa sopo aliyense. Sopo wafika m'shelefu pa K750. Akagulitsidwa K850, phindu ndi K100 yokha, ndipo katoni yonse ibweretsa K2,400. Tsono sopo mmodzi akasowa, kaya wabedwa kaya wapatsidwa kwa mnzake wa wantchito, watenga phindu la sopo pafupifupi asanu ndi atatu. Wantchito akachotsera kasitomala K50 chifukwa wanenerera mokoma, theka la phindu lapita. Munthu amene angafotokoze zimenezi ndi pakamwa pake wamuuza mwini sitolo kuti akudziwa chifukwa chomwe bwanayo amakalipira kanthu kakang'ono kakasowa.

Apa mavenda ali ndi mwayi omwe iwo eni sauona. Mtsikana amene wakhala akugulitsa mandasi pa siteji, kapena mnyamata amene amaika usipa m'milu pamsika, akafunsidwa ngati adagwirapo ntchito amayankha kuti ayi. Yankho limeneli ndi lodzipha. Amene wagulitsapo zakezake amadziwa kuwerenga nkhope ya kasitomala, amadziwa kuti banyira imaperekedwa kwa ndani, amadziwa kuwawa kwa ngongole yosabwezedwa. Yankho labwino ndi kunena zomwe zidachitika ndi manambala ake: ankagulitsa chiyani, kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, adayamba ndi mpamba wa zingati, patsiku labwino ankapeza zingati, ndipo adasiyiranji. Ngati geni idagwa, kunena zoona kuti mpamba udathera ku matenda kapena ku maliro sikuchotsa ulemu. Eni masitolo ambiri adagwapo kale, ndipo amadziwa fungo la bodza pa nkhani yotere.

Funso la ngongole silimalephera kubwera, ndipo limabwera mochenjera. Mwini sitolo atha kufunsa kuti: "Nanga atabwera amalume ako, ine kulibe, nkunena kuti uwapatse shuga alipira mawa, ungatani?" Pa Nkope, monga m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, anthu ndi apachibale. Wogula ndi msuweni, ndi mlamu, ndi mnzake wa kumpingo kapena kumzikiti. Woyankha kuti "ndingawakanize basi" amaoneka ngati akungofuna kusangalatsa bwana, pakuti aliyense amadziwa kuti kukaniza amalume si chinthu chapafupi. Woyankha kuti "ndingawapatse chifukwa ndimawadziwa" wadzichotsa yekha. Yankho lomwe limakhazika mtima pansi ndi lonena kuti katundu si wake, choncho angawauze amalumewo mwaulemu kuti ngongole amaloleza ndi eni ake, nkuimba foni pomwepo. Bwana akavomera, alemba m'buku dzina, katundu, mtengo ndi tsiku. Mawu akuti "ndilemba m'buku" ndi okoma kwambiri m'makutu mwa wamalonda.

Kunyanja ngongole ili ndi nyengo yake, ndipo wofuna ntchito amene akudziwa kalendala ya kudoko amaoneka kuti ndi wa pamalopo. Usipa umaphedwa usiku ndi nyali, choncho mwezi ukawala kwambiri nsomba zimachepa ndipo alovi amakhala opanda ndalama. Mdima ukabwerera, ndalama imayenda, ndipo shuga, buledi, mabatire, mayunitsi ndi zakumwa zimatha msanga. Miyezi ya mwera, makamaka June ndi July, mabwato amatha masiku ali kumtunda. Kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka ena pofuna kuti chambo chiswane, koma nthawi yomweyo alendo a Khirisimasi ndi chaka chatsopano amadzaza malo ogona a m'mbali mwa nyanja. Munthu akafunsidwa kuti "ungatithandize bwanji kuti malonda ayende?" sayenera kulonjeza zakumwamba. Akangonena kuti masiku a mdima ndi bwino kutsegula m'mamawa pomwe mabwato akukocheza, ndiponso kuti nthawi ya mwera ndi yofunika kusamala ndi ngongole, wayankha kale.

Nthawi zina mwini sitolo amatola chinthu pashelefu, kaya tochi kaya paketi ya tiyi, nkunena kuti: "Tandigulitsa ichi." Ambiri amayamba kutamanda katunduyo mpaka thovu kukamwa. Wogulitsa weniweni amayamba ndi funso. Tochiyo akufuna ya kunyumba kapena ya panyanja? Ya mabatire kapena yotchaja? Akamva yankho ndiye amaonetsa yoyenera, nkunena mtengo mosazengereza. Ndipo ngati katunduyo ali ndi vuto lodziwika, monga kusachedwa kutha moto, kulinena kumabweretsa kasitomala mawa. Pamudzi palibe kasitomala wa tsiku limodzi. Amene wapusitsidwa lero akafika kudoko nkhani yafala.

Chilankhulo nacho ndi katundu. Boma la Mangochi kuli Ayao ambiri, ndipo gogo amene walandiridwa ndi "Ali uli?" amamasuka kusiyana ndi amene wangoyang'anidwa. Wodziwa Chiyao ndi Chichewa anene zimenezi pa intavyu ngakhale asanafunsidwe. M'mashopu a m'malo ogona alendo, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, Chingerezi chimafunika, ndipo kumeneko intavyu imatha kukhala ya pampando, ndi anthu awiri kapena atatu, kalata yofunsira ntchito ndi satifiketi ya MSCE zili patebulo. Koma nakonso safuna Chingerezi cha m'buku. Amafuna munthu wotha kupereka moni, kunena mtengo, kufotokoza kuti chosemacho ndi cha mtengo wanji, ndi kupepesa katundu akasowa.

Za kavalidwe nzosachedwetsa. Zovala zochapa, zikhadabo zowenga, fungo la nsomba kapena la mowa lisamveke. Suti siyofunika pa golosale. Foni ikhale m'thumba, ndipo isalire.

Nthawi ndiyo nkhani. Mwini sitolo akati "ubwere mawa m'mawa", wofuna ntchito afunse ola lenileni, ndipo afike lisanakwane. Akapeza bwana ali kalikiliki ndi makasitomala, asaime ngati chitsa kapena kukhala pa thumba la ufa. Kuthandiza kutsitsa kreti kapena kusuntha katoni yomwe yatchinga njira, atapempha kaye, kwapezetsa anthu ntchito funso lisanafunsidwe ndi limodzi lomwe.

Mapepala ofunika si ambiri. Chiphaso cha unzika, chomwe bungwe la NRB lidayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017, ndicho choyamba, ndipo pa ntchito ya ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba palibe amene angasiyire munthu ndalama popanda kuchiona. Ndi nzeru kupita ndi fotokope. Chiphaso chenicheni ndi cha mwini wake. Bwana achione, atenge fotokope, koma chibwerere m'thumba. Chimodzimodzi satifiketi ya sukulu. Munthu amene wasiya mapepala ake enieni kwa bwana amavutika kuchoka tsiku lomwe zinthu zaipa. Kuposa mapepala, eni masitolo amafuna mboni: munthu wodziwika amene angati "mwana uyu ndikumudziwa". Atha kukhala a mfumu, abusa kapena wansembe, shehe, aphunzitsi aakulu, kapena wamalonda amene adamugwirirapo ganyu. Mboniyo iuzidwiretu. Ndi zochititsa manyazi bwana kuimba foni, mbali inayo nkumveka kuti "ndani ameneyo?"

Amene adagwirapo kwina adzafunsidwa chomwe adachokera. Kunyoza bwana wakale ndi msampha, ngakhale bwanayo adalidi wovuta. Amalonda a mumsewu umodzi amadziwana, amakwera galimoto imodzi popita kukapikula. Ndi bwino kunena mwachidule: malipiro sankakwana, kapena mtunda udali wautali, kapena sadagwirizane pa za shoti. Lamulo la zantchito la Employment Act la chaka cha 2000 limapatsa wantchito ufulu wopempha kalata yosonyeza nthawi yomwe adagwira ndi mtundu wa ntchito yake pamene akuchoka. Kalata imeneyi, ngakhale yolembedwa pamanja, imalemera kuposa mawu.

Tsono pali gawo lomwe achinyamata amaliopa, pomwe ndi lomwe limadzawaliza pambuyo pake: kufunsa za malipiro. Ambiri akamva kuti "uyambe mawa" amathokoza nkuthamangira kunyumba osadziwa kuti adzalandira zingati. Mwezi ukatha mpamene amamva kuti nsima ya masana ija idali kuchotsedwa, ndipo botolo lomwe lidasweka lalowanso pa malipiro. Kufunsa si mwano ngati kwachitika pa nthawi yake, kumapeto, bwana ataonetsa kuti ali ndi chidwi. "Bwana, ndimafuna ndidziwiretu kuti tisadzavutane: malipiro ndi zingati, ndipo amaperekedwa tsiku liti?" Wamalonda wanzeru amalemekeza funso lotere, poti munthu wosamala za ndalama zake amasamalanso za eni ake.

Boma limaika malipiro otsikitsitsa. Mu February 2024, patangotha miyezi yochepa ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, malipirowa adakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, ndipo mu 2025 adakweranso kufika pa K126,000. Mabizinesi ang'onoang'ono ndi antchito a m'nyumba ali ndi mlingo wawo wotsikirapo, ndipo ofesi ya zantchito ku boma ku Mangochi ndiyo imanena mlingo womwe ukugwira ntchito panthawiyo. Zoona zake nzakuti maokala ambiri a kumudzi salipira kufika pamenepo, ena chifukwa malonda ake sangakwanitse, ena chifukwa palibe wawafunsa. Komabe wopita ku intavyu akudziwa chiwerengerochi amakambirana ali chiimire. Lamulo lomwe lija limati ntchito isapitirire maola 48 pa sabata popanda malipiro owonjezera, ndipo munthu akagwira masiku asanu ndi limodzi otsatizana apume tsiku lathunthu. Bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo ayenera kupereka kalata yofotokoza za ntchito ndi malipiro. Pa okala ya munthu mmodzi, tsamba la m'kope lomwe onse awiri asainira pamaso pa mboni limathetsa milandu yambiri.

Tsiku lopuma likambidwe pomwepo. Msilamu amafuna nthawi ya Lachisanu masana, Mkhristu wa ku Anglican pa mishoni ya Nkope amafuna Lamulungu m'mawa, wa Seventh Day amafuna Loweruka. Kubisa zimenezi pa intavyu poopa kumanidwa ntchito kumangosunga mkangano wa sabata yoyamba. Eni masitolo ena amakondwa kumene kukhala ndi wantchito wa chipembedzo china, chifukwa shopu siitsekedwa tsiku lililonse.

Ntchito zina ndi za komishoni: kuyenda ndi masola, mafoni, mbaula kapena mankhwala otsukira m'midzi, nkumalandira malinga ndi zomwe zagulidwa. Pa intavyu ya ntchito yotere amakonda kutchula ndalama yomwe wogulitsa wakhama "angathe" kupeza. Mafunso oyenera ndi ena. Kodi pali malipiro okhazikika kupatula komishoniyo? Ya kabaza amalipira ndani? Kasitomala wotenga katundu pangongole akasiya kulipira, komishoni imabwezedwa? Katundu akawonongeka panjira, mlandu ndi wa yani? Komishoni yomwe ikukoma mu December itha kukhala njala mu June.

Nkhani ya shoti ndiyo imathetsa ntchito zambiri za pakauntala, ndipo mankhwala ake ali pa tsiku loyamba. Wantchito watsopano apemphe kuti katundu yense awerengedwe iye ali pomwepo, zilembedwe, onse asaine. Popanda kutero, shoti ya amene adachoka imagwera wobwera. Afunsenso kuti ndani wina amaloledwa kulowa kuseri kwa kauntala. Ana a bwana akamatenga masiwiti, mayi akamatapa shuga wa phala, mlamu akamatenga ya kabaza m'kabati, zonsezo zilembedwe m'buku nthawi yomweyo. Kunena zimenezi pa intavyu kumafuna ulemu, koma mwini sitolo woona mtima amazilandira bwino, chifukwa naye watopa ndi kusadziwa komwe ndalama yake imalowera. Pa ejenti wa ndalama za pafoni, malamulo ndi okhwima kuposa apa: ndalama siperekedwa chifukwa cha uthenga womwe kasitomala waonetsa pa foni yake, koma womwe wafika pa foni ya ejenti ndipo balansi yasintha. Wofunsidwa amene anganene izi yekha wasonyeza kuti akuba a mauthenga abodza sangamupusitse.

Pali intavyu zina zofunika kuzithawa. Uthenga ukabwera pafoni woti munthu wasankhidwa kukagwira ntchito m'shopu yaikulu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, koma atumize kaye ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya "kusungitsa malo", imeneyo ndi mbava. Ntchito siigulidwa. Chimodzimodzi bwana amene akuitanira mtsikana ku chipinda cha malo ogona alendo madzulo kuti akacheze za ntchito. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere, ndipo nkhani yake itha kukatulidwa ku polisi. Intavyu ya ntchito ya m'sitolo imachitikira m'sitolo, masana, ndipo palibe cholakwika kupita ndi mchemwali kapena azakhali nkuwasiya akudikira panja.

Nawo amalonda amene bizinesi yakula mpaka kufuna wothandiza ali ndi mbali yawo. Chizolowezi ndi kutenga mwana wa achimwene popanda kumufunsa kanthu, chifukwa ndi wapamtundu. Vuto limadza tsiku la shoti: wachibale sachotsedwa ntchito popanda bwalo la banja lonse. Kumuyesa masamu a chenji, kumufunsa funso la amalume lija, ndi kugwirizana malipiro pamaso pa mboni nkofunika kwa mphwake monga momwe kulili kwa mlendo. Ndipo mwana wosakwana zaka 14 lamulo silimulola kulembedwa ntchito. Wa msinkhu wa sukulu akaikidwa pakauntala tsiku lonse, wamalondayo ndiye ali pa mlandu.

Masiku oyesera, omwe ambiri amati "tikuone kaye", akhale ndi malire odziwika ndipo akhale olipidwa. Sabata imodzi kapena ziwiri zimakwana kuona ngati munthu amafika nthawi yake, ngati kabati ikugwirizana ndi buku madzulo, ndiponso ngati makasitomala akubwerera. Eni masitolo ena amasiya dala K1,000 yapadera m'kabati kapena pansi pa katoni tsiku loyamba, osanena kanthu, nkudikira madzulo kuti amve ngati wantchito watsopano aitchule powerengera ndalama za tsikulo.